Chipulasitiki cha Amalume

Chinali chipulasitiki cholimba ngati chitseko, chotuwa, chosapindika, chokhala ndi madontho achikasu osachoka ndi madzi. Anabwera nacho ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, chaka chomwe tinachoka ku Zomba kudzakhala ku Area 11, ntchito ya abambo itasamukira ku Capital Hill. Amalumewo ankagwira ntchito kwa omanga maofesi atsopano, ndipo pachipulasitikipo ndi pomwe ankasakanizira mankhwala a chiswe othira m'maziko. Anati chidzakhala denga la khola la nkhuku.

"Ana asachikhudze," anatero. Ndinamva bwinobwino, ngakhale kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti sindinamve.

Inali nyengo ya mango, fumbi lofiira lili ponseponse. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ine ndi mng'ono wanga tinachikokera kuseri kwa nyumba kuti chikhale tebulo la masanje. Chinkanunkha ngati palafini. Ndinadulirapo mango, mng'ono wangayo n'kumanyambita madzi ake pomwepo. Ine ndinali mayi wa pamasanjepo, ndiye ndinangodya kachidutswa kamodzi.

Dzuwa lisanapendeke, mwana anayamba kusanza, dovu lili chuu, timanja tikunjenjemera. Amayi anandigwira paphewa.

"Mwadya chiyani?"

"Mango basi."

Anathamanga naye kuchipatala. Masiku awiri ndinakhala nalo bodzalo. Madzulo aliwonse abambo ankabwera n'kunena kuti adokotala sakudziwabe chomwe mwana wadya. Mpaka lero sindidziwa kuti masiku awiriwo anamulanda chiyani mng'ono wanga.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinaulula kwa abambo za chipulasitiki chija. Ndinkadikira chibhalo, koma abambo sanandimenye. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Wauzako ndani wina?" Anapita kukauza adokotala dzina la mankhwalawo, n'kunena kuti anali a m'dimba mwathu. Atabwerako, iwo ndi amalume anakumba dzenje kuseri kwa nthochi. Iwo akutembenuza chipulasitikicho, ndinaona nambala ya boma yolembedwa ndi penti wakuda. Anachikwirira, ndipo m'mawa mwake amalume anakwera basi ya ku Rumphi, kwathu. Amayi sanawaperekeze.

Mng'ono wanga anatuluka patatha sabata, ataonda, koma akuyenda yekha.

Komabe m'nyumba simunabwerere mtendere. Galimoto ikangochepetsa liwiro pamsewu, abambo ankasiya tiyi n'kukasuzumira pakatani. Ndakula tsopano, ndikudziwa kuti masiku amenewo munthu wakumpoto wokhala ndi udindo m'boma ankayenda mosamala kwambiri. Kalata imodzi yopanda dzina, yonena kuti pakhomo pake papezeka katundu wa boma, inkakwana kumuchotsa ntchito, mwinanso kumutengera komwe anthu sankafunsa.

Ine zimenezo sindinkazidziwa. Ndinkaganiza kuti apolisi akubwera kudzatenga ine. Ndinapinda diresi langa la kutchalitchi n'kuliika m'chikwama cha kusukulu, ndipo ndinayenda nalo tsiku lililonse mpaka mango anatha.