Chipilala chopanda msomali ku Riverside

Lachisanu, tili pa holide. Moni nonse, makamaka inu amalume. Ndadzuka ndi nkhawa, chifukwa atate sanapeze ganyu mwezi uno. Chiwachotsereni ntchito ku mgodi, amatidyetsa pokhoma matabwa othiramo konkire.

Ndawaperekeza kukafuna ganyu ku Riverside komwe akumanga hositelo. Kulibe thabwa ngakhale limodzi! Konkire akuthira m'mapanelo a pulasitiki olumikiza ndi timapini. Atamasula, chipilala chatuluka chosalala ngati mbale. Atate achisisita kawiri.

"Mwe bantu, popanda msomali?" atero modabwa.

Kapitawo waseka. "Mudala, sowo kasungeni. Mukadziwa kulumikiza awa, Lolemba muyamba."

Amalume, mukuti atate angakwanitse kuphunzira m'masiku awiri? Ine mawa ndikajambula pafoni momwe amalumikizira mapanelowo, tidzaphunzire limodzi ndi atate kunyumba.