Tsiku limene Mabwinja anabalalitsa msika wa ku Mfuwe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa pamene pali zilembo pa kiyibodi. Munali mu 1998, nditamaliza Giredi 12 ku Chipata n'kubwerera kwathu ku Mfuwe kukadikira zotsatira za mayeso. A Mwale, makaniki wa pa loji ina ya alendo odzaona nyama, anali atagula makompyuta awiri akale kwa bwana wawo amene ankachoka m'dziko muno. Anawaika m'kachipinda kuseri kwa shopu yawo pafupi ndi msika, koma analibe munthu wowayang'anira. Azakhali anga, ogulitsa tomato pamsikapo, ndiwo anawauza kuti mtsikana wawo anaphunzirako kutayipa.

"Ungayatse osaphulitsa?" anandifunsa a Mwale.

Ndinayatsa, sizinaphulike, ndipo anandipatsa makiyi.

M'mawa uliwonse ndinkavundukula zitenje zophimba makina, kuchotsa fumbi ndi bulashi ya penti, kutsegula mausi kunsi n'kutsuka kampira kake, ndi kupukuta sidi kuyambira pakati kupita kunja. Magetsi akathima ndinkakoka chingwe cha jenereta, n'kudikira kuti liwu lake likhazikike ndisanayatse chilichonse. Dzuwa la Okutobala likafika, ndinkapachika masaka onyowa pawindo kuti makina asatenthe.

Masewera a pakompyuta analipo angapo, koma makasitomala ankafuna amodzi okha. Dzina lake lachingerezi palibe amene ankalitchula. Tonse tinkangoti Mabwinja. Nkhani yake inali yakuti dziko lapsa ndi mabomba, mizinda yagwa, ndipo iwe watsala wekha pakati pa zilombo ndi achifwamba. Pagalasi sunkadziona nkhope. Unkaona dzanja ndi mfuti basi, ngati ndiwe amene ukuyenda.

Ubwino wake waukulu unali phokoso. Unkamva madzi akudontha m'ngalande, chitseko chachitsulo chikulira patali, mapazi akukutsata kumbuyo. Zipolopolo zinali zosowa, choncho wowombera mwachisawawa sankafika patali. Koma zofooka zinaliponso zambiri. Ngalande zonse zinkafanana, moti anthu ankazungulira malo amodzi mpaka nthawi yawo kutha. Zilombo zinkakanirira pakhoma n'kumapondaponda pomwepo. Munthu wovulala ankachira pongoponda kabokosi ka mankhwala. Choipitsitsa, masewerawo ankasunga pamene wafika pokhapokha ukamaliza gawo lonse, ndiye magetsi akathima unkayambiranso, ndipo wotukwanidwa ndinali ine.

Mu Novembala, mango atapsa ndipo njovu zitayamba kulowa m'midzi, a Mwale anabweretsa sipika yaikulu yochokera ku bala ina ya mowa imene inatsekedwa.

"Iika pakhonde," anatero. "Amsika amve zimene akuphonya."

Ndinalumikiza mawaya, iwo n'kukwera minibasi ya ku Chipata kukaoda katundu.

Masana amenewo Lameki, woperekera zakudya pa loji, amene ankaposa onse pa Mabwinja, anafika pagawo la mfuti yachiwaya. Ine ndinali m'kati, ndikumva ngati masiku onse, kungoti mokweza. Nditasuzumira panja ndinaona msika uli pululu, anthu atathawa kulira kwa mfutiko, mabeseni ali chadodolido, tomato ali mbwee pansi. Kenako galimoto ya masikauti, asilikali olondera nyama m'paki, inaima ndi fumbi pakhomo. Anatsika ndi mfuti zenizeni.

Ndinazula waya wa sipika. Kunangoti zii.

Mkulu wawo anali a Banda, bambo aimvi amene aliyense ku Mfuwe ankawapatsa njira. Analowa, n'kuyang'ana Lameki amene anali atakweza kale manja, n'kuyang'ana makina, kenako ine.

"Iwe mwana, ukudziwa kumene ndachoka? Ndasiya njovu m'mango a anthu kutsidya kwa mtsinje wa Lupande, chifukwa munthu wabwera pa njinga kudzandiuza kuti pamsika pali nkhondo. Anyamata, nyamulani makina onse awiri."

Ndinadziwa kuti makina akale ngati amenewo, akakwera kumbuyo kwa galimoto pa msewu wathu wa mabampu, sadzayakanso. A Mwale akanapeza chipinda chopanda kanthu, ine n'kubwerera kokathandiza azakhali pa tomato. Ndinaima kutsogolo kwa tebulo.

"Bwana, cholakwa ndi sipika ili panja, ndipo imeneyo mutenge. Koma makinawa muyambe mwaona nokha. Mukapeza kuti ndi oopsa, ndikunyamulirani ine."

"Akuti amaphunzitsa ana kuwombera."

"Amaphunzitsa kumvetsera ndi kusunga zipolopolo. Kuwombera ayi. Ali ndi mabodza ambiri, ndikuonetsani."

Mwina mawu akuti mabodza ndi amene anawakopa. Anapatsa mnyamata wawo mfuti, n'kukhala pampando wa Lameki. Ndinawaonetsa mabatani oyendera ndi la mausi lowombera, n'kutsegula timasipika ta patebulo motsitsa.

Anawombera kamodzi, n'kutembenuka.

"Mfuti yanji yosakankha phewa? Nanga zimenezi ndanyamula zingati?"

"Zonse zimene mwatola, bwana."

"N'kumathamanga nazo? Wopanga izi sananyamulepo mfuti kuchoka pano kukafika ku Malama."

Chilombo chinatulukira, n'kukanirira pakona ya khoma monga mwa nthawi zonse. A Banda anaseka mpaka kutsokomola.

"Taonani chitsiru! Sichinunkhiza ndi mphepo yomwe. Njati itakhala yotere, bwenzi tonse tili onenepa."

Kenako analowa m'ngalande yamdima. Madzi anayamba kudontha. Mapazi anamveka kumbuyo, pang'onopang'ono, akuyandikira. A Banda sanatembenuze mausi. Anatembenuka okha, thupi lonse, dzanja likufunafuna mfuti imene anali atapereka, n'kupeza kuti kumbuyo kwawo kuli Lameki, manja akadali m'mwamba.

Anyamata awo anagwirana mapewa ndi kuseka.

"Mukusekanji?" anakalipa a Banda, koma nawonso milomo inkawagwedera. "Apa pokha wopanga izi anakhoza. Tsitsa manja iwe, ukundichititsa manyazi."

Ananyamuka n'kulandiranso mfuti yawo.

"Wanena zoona, mwana wanga. Palibe angaphe ngakhale nkhanga ndi maphunziro awa. Koma phokosoli lisatulukenso pakhomo pano. Kuno kulira kwa mfuti kuli ndi tanthauzo."

Anatenga sipika yokha, n'kubwerera ku njovu zawo. Ine ndinatseka chipinda n'kupita kukatola tomato ndi azimayi a pamsika. Azakhali anangondiponyera beseni kuti ndidzaze.

A Mwale atabwerako anadandaula za sipika, koma makina awo onse awiri anali pamalo pake, ophimbidwa ndi zitenje. Ulendo wotsatira anabwera ndi mahedifoni. A Banda anayamba kumadutsa masiku awo opuma, akuti kudzaona ngati lamulo likutsatidwa, ndipo ankaliona atavala mahedifoniwo.

Ndinagwira ntchitoyo mpaka ndinapita ku maphunziro a utolankhani. Chimene ndinachoka nacho n'chakuti katundu wako uyenera kumudziwa mbali zonse, n'kunena zofooka zake iwe mwini, ena asanazipeze. Ndikanawauza a Banda kuti Mabwinja ndi abwino okhaokha, makina aja akanakwera galimoto. Anatsala chifukwa ndinawalonjeza mabodza, ndipo anawapezadi.