Alendo Akuthambo Amene Sadapatsidwe Mpando

Ndikukumbukira fungo la utomoni wa paini limene bambo anga ankalowa nalo m'nyumba chaka chimene tidasamukira ku Jenda. Ankayendetsa lole yonyamula matabwa kuchokera ku Chikangawa kupita ku Lilongwe, ndiye adaona kuti tikakhala panjira yawo adzitha kuima n'kutiona, m'malo motisiya ku Dowa miyezi yathunthu. Adatipezera kanyumba kamalata kuseri kwa magolosale, pamalo a banja lina la kumeneko. Ine ndidali mu Sitandade 4, mtsikana wa mafunso osatha, woti aphunzitsi ankachita kundichonderera kuti, “Esinati, tsitsa mkonowo upumeko.”

Jenda idandikomera msanga. Ndinkakonda milu ya tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu, phokoso la mabasi, ndi nkhungu ya m'mawa imene inkabisa mitengo n'kusiya mawu okha a anthu. Koposa zonse ndidapeza Lusungu, mwana wa eni malowo, amene mayi ake onse ankawatchula kuti NyaJere. Lusungu ankandiphunzitsa Chitumbuka popita kusukulu, ndipo posakhalitsa ndinkathokoza kuti “yewo chomene” ngakhale kwa munthu woti wandiponda phazi.

Amayi anga zinthu sizidawayendere choncho. Ku Dowa adabadwira, kukulira ndi kukwatiwira pamudzi umodzi. Mlendo kumeneko adali bambo, amene adapita chikamwini, pomwe amayi ulendo sadaulawepo chibadwire. Tsiku loyamba kupita kumjigo azimayi adawalonjera m'Chitumbuka, iwo adachita chibwibwi, ndipo mtsikana wina adaseka. Kuyambira pamenepo ankatunga madzi masana dzuwa lili paliwombo, kumjigo kulibe munthu. Ankaphikira kuseri, chitseko chakumaso chili chotseka, ati kuopa fumbi ndi mphepo. Koma ine ndinkaona kuti m'mawa uliwonse ankasesa pabwalo mpaka kuwala, kudikira kuti eni malo abwere kudzawalonjera monga timachitira kwathu. Padalibe amene adabwera. Pakati pa nyumba yathu ndi ya NyaJere padali mpanda wa nkhadze wofika m'chiuno basi.

Tsiku lina bambo akusamba m'manja kuchotsa oyilo, amayi adalankhula mosakweza mawu kuti sukulu ikatsekera, iwo ndi ana tikubwerera ku Dowa. Bambo adangoyang'ana thovu la sopo. Ndidadziwa kuti nkhani yatha, chifukwa amayi akalankhula motsitsa sankabweza. Ndidakalira kuseri kwa bafa. Ndinkaopa kutaya Lusungu, ndipo ndinkaopa kubwerera kumoyo womaona bambo ngati mvula ya chizimalupsa.

Masiku amenewo, Loweruka lina masana, ine ndi Lusungu tidapita kukaonera filimu. Nyumba ya vidiyo idali chisakasa cha zigwagwa, mazenera otseka ndi masaka, jenereta ikulira panja. M'kati munkanunkha petulo, thukuta ndi makoko a nzimbe. Tonse tidapitira karate, koma makina adatafuna tepi yake, ndipo mwini vidiyo, a Nyirenda, atalimbana nayo mpaka thukuta adatulutsa ina yofumbira. Adati ndi yakale koma yotchuka chomene kwa azungu. Anyamata adang'ung'udza, koma padalibe amene adatuluka.

Chimene ndidaona sindidachiiwale. Chinthu chachikulu chonga mabeseni awiri ovundikirana chidatsika kuchokera kuthambo n'kutera m'munda waukulu. Chidakhala pamenepo masiku, chitseko chili chotseka. Asilikali adachizungulira ndi chingwe, anthu ovala makhoti oyera n'kumakangana m'matenti. Chizungu chake chinkathamanga kwambiri. A Nyirenda adayesa kumasulira, kenako adatopa poona kuti palibe amene akumenya mnzake. Potsiriza chitseko chidatseguka, ndipo mudatuluka zolengedwa zazitali, zowonda, zamitu ikuluikulu. Zidaima pamakwerero, manja ali lende. Anthu nawo adaima kuseri kwa chingwe chawo, akuzionetsa zithunzi ndi nyali. Mvula idayamba kugwa, onse ali chilili, kuyang'anizana. Kenako zolengedwa zija zidatembenuka n'kulowa, chinthu chija n'kukwera kumwamba. Mdala wina wa khoti loyera adalira, filimu n'kuthera pomwepo.

Titatuluka, maso akuthobwa ndi dzuwa, mkangano udabuka pakhomo pomwepo. Anyamata adati a Nyirenda awapusitsa, filimu yopanda ndi khofi lomwe si filimu. Bambo wina wogula fodya adati zolengedwazo zidabwera kudzaona malo olima, zidabwerera chifukwa dothi lake silidazikomere. Mayi wina amene ankadikira matola a ku Embangweni adati iye waona odwala ambiri, mitu ija ndi matenda, zidabwera kudzafuna chipatala. Ine mutu udadzaza mafunso. Zimadya chiyani? Zili ndi amayi awo? Nanga munthu ungayende mtunda wonsewo n'kubwerera osanena ndi liwu limodzi lomwe?

Kunyumba ndidapeza amayi akusankha nyemba m'lichero. Nkhani zanga nthawi zambiri ankazimvera ndi khutu limodzi, koma nditafika pamene alendo aja adaima pamvula, manja awo adasiya nyemba.

“Anawapatsa pokhala?”

“Ayi, amayi.”

“Madzi akumwa?”

“Ayi. Anangowaonetsa nyali.”

“Anthu osaleredwa,” adatero. “Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndiye mdalayo amalira chiyani, poti mpando anali nawo mutenti?”

Maganizo amenewa adandisangalatsa, chifukwa pachisakasa paja padalibe amene adawaganiza. Lolemba ndidauza Lusungu monyadira. Iye adapukusa mutu nati mayi ake, atawafotokozera filimuyo, adanena zina. NyaJere adati olakwa adali alendowo: watera m'munda wa eni, wadzitsekera masiku onsewo, nanga anthu alonjere chitseko? Kuno munthu akabwera kudzakhala pamalo a eni, amayamba ndiye kupita kwa eniwo, n'kunena odi, n'kupereka malonje. Madzulo ndidakatula uthengawo kwa amayi monga momwe ndidaumvera, ndi kamvekedwe komwe.

Apa ndi pamene padayambira mkangano wa filimu wautali kuposa yonse imene ndidamvapo, pakati pa azimayi awiri oti filimuyo sadaione, ndiponso oti sadalankhulanepo. Ine ndi Lusungu tidali amtengatenga. Amayi ankati mlendo sapempha mpando. NyaJere ankayankha kuti mwini mudzi salota zimene zili m'nyumba yotseka. Amayi ankati alendowo adasiya abale awo kutali, mtima udali kumbuyo. NyaJere ankati aliyense wokwatiwa kuno adasiya abale, iwonso adachokera ku Edingeni ali kamtsikana, koma sadabisale.

Tsiku ndi tsiku filimu ija inkakula. Alendo akuthambo adayamba kukhala ndi mwana wachifuwa ndi mwamuna woyendayenda. Tsiku lina Lusungu adabwera ndi funso lochokera kwa mayi ake, lakuti n'chifukwa chiyani zolengedwazo zinkatunga madzi masana ngati zikuthawa ngongole ya moni. Ndidadabwa kwambiri. Ndidafikitsa funsolo, koma ndidaonjezera kuti, “Komatu amayi, mufilimu muja munalibe mjigo.” Amayi adandiyang'ana nthawi yaitali n'kunditumiza kukatsuka mbale. Musandiseke, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuluakuluwo akukamba za filimu, ndipo ndinkanyadira kuti ndine ndidabweretsa nkhani yokoma chotero pakhomo.

Uku mkangano ukupitirira, uko katundu akumangidwa. Mapoto adalowa m'thumba, mipando yathu iwiri idamangidwa pamodzi ndi luzi, miyendo m'mwamba. Mayeso adatha, kudatsala kungomva zotsatira. Sabata yotsekera sukulu amayi adandipatsa yankho limene sadalinene mwaukali ngati enawo. Adati, “Ukamuuze mnzakoyo kuti alendo aja ankaopa kusekedwa. Munthu akasekedwa pakamwa amayamba watseka pakamwapo, chitseko chimatsatira.” Ndidakanena. M'mawa mwake ndidafunsa Lusungu kuti mayi ake ati bwanji, iye adati angokhala chete. Ndidaganiza kuti tapambana, koma kupambanako sikudandikomere, poti lole ya bambo inkabwera Loweruka kudzatitenga.

Lachinayi dzuwa litapendeka, ndili kuseri ndi amayi, tidamva mawu kumaso kwa nyumba.

“Odi!”

Ndidathamanga kukasuzumira pakona. Pakati pa bwalo losesedwa lija padaima NyaJere, mayi wamfupi wojintcha, atasenza kampando kamtengo pamutu. Pambuyo pawo padali Lusungu atanyamula chigubu cha chindongwa, thobwa la kumeneko. Sadayandikire chitseko. Adangoima, manja ali lende, ndipo ndikunena zoona, adandikumbutsa zolengedwa zija pamakwerero. Amayi adalowera khomo lakuseri, ndipo ndidawamva akuyendayenda m'nyumba ngati akufuna chinthu. NyaJere adaodiranso kachiwiri. Kenako loko adalira, chitseko chakumaso chidatseguka, chikulira m'mahinjesi chifukwa chosazolowera.

Amayi adagwada pakhonde n'kupepesa kuti mipando ndi yomanga. NyaJere adatula kampando kaja, n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje.

“Mpando uwu sindinatengere ine, NyaBanda. Mlendo ndinu. Khalani pasi, mutipase malonje. Tachedwa chomene, mutigowokere.”

Atapepesa choncho, NyaJere adakhala pansi padothi, miyendo atatambasula. Amayi, amene ku Dowa ankatchedwa Nabanda, adaima kaye ngati sadamve dzina lawo. Kenako adakhala pakampando paja, misozi ikutsika osaipukuta. Ndidali ndisadaonepo amayi akulira popanda maliro, ndipo nanenso ndidayamba kulira osadziwa chifukwa chake.

“Kweni za chitseko chija,” NyaJere adapitiriza akutsegula chigubu, “alendo aja analakwisa ndithu. Pamenepo mbwenu sindisintha.”

Amayi adaseka misozi ili m'masaya, nati nawonso za mpando sasintha.

Malonje a tsiku limenelo adayambira ku Dowa, pamtengo wa mango umene udali pakhomo pathu. Adadutsa paukwati, pakubadwa kwanga, pachifuwa cha mlongo wanga wamng'ono, mpaka adafika pamjigo ndi mtsikana woseka uja, amene NyaJere adati ndi mdzukulu wa alamu awo ndipo amuona. Amayi ankalankhula Chichewa, NyaJere n'kumavomera m'zinenero zonse ziwiri. Ine ndidadziika pakati kuti ndizimasulira, koma adandithamangitsa onse awiri nthawi imodzi. Nkhuku zidalowa m'khola nkhani isadathe. Pochoka NyaJere adasiya kampando kaja, ati adzakatenga mawa. Mawa lake adabweradi, adacheza, n'kukaiwalanso.

Loweruka bambo adafika ndi lole, atasiya malo a katundu wathu pamwamba pa matabwa. Adapeza mapoto ali pathandala, mipando yomasula, amayi ali kumjigo ndi azimayi anzawo m'mawa kukadali nkhungu. Adayang'ana ine, adayang'ana kampando kachilendo pakhonde, n'kudzikanda m'mutu. Ndidayamba kuwafotokozera za mabeseni awiri ovundikirana, koma adati ndiwapatse kaye madzi osamba.

Lero Jenda ndi ina. Pamene padali chisakasa cha a Nyirenda pali shopu yogulitsa mafoni, ndipo ana amaonera mafilimu aliyense payekha, nkhope itawerama m'manja. Mipanda ya nkhadze idalowedwa m'malo ndi ya njerwa yokhala ndi zipata zachitsulo, zoti odi wako amathera panja. Bambo adatisiya, NyaJere nawonso adagona. Amayi ku Dowa amangopitako kukaona abale. Ku Jenda ndi NyaBanda, ndipo akapsa mtima pamsika amakalipa m'Chitumbuka choti ine ndimachita kufunsa tanthauzo.

Chaka chatha, ndili kuno ku boma la Mzimba kumene ndimagwira ntchito, ndidaipeza filimu ija pafoni. Tsopano Chizungu chake ndimachimva. Ndidapeza kuti anthu a makhoti oyera aja ankakangana za masamu ndi zizindikiro, za mpando sadaziganizeko n'komwe. Ena amati ndi filimu yozama, ena amati ndi yogonetsa tulo. Ine ndimaikondabe, ndipo mpaka pano sindidziwa chimene zolengedwa zija zimadya.

Nditapita ku Jenda ndidawaonetsa amayi, kuti aone ndi maso chinthu chimene adachikanganira masiku onse aja. Adakhala pakampando komwe kaja, kamene tsopano mwendo umodzi ndi womanga ndi waya, foni ataigwira patali ndi manja awiri. Adaonera mwakachetechete mpaka mvula idagwa, alendo adalowa, chinthu chija chidakwera.

“Akanatera kwa NyaJere,” adatero, “bwenzi pano ali ndi zidzukulu.”

Adandibwezera foni, n'kuyang'ana tsidya la mpanda, kunyumba ya NyaJere ija, imene tsopano mumakhala anthu a lendi. Adasisita m'mphepete mwa kampando kaja ndi chala.

“Koma za chitseko mnzanga uja ananena zoona. Anachedwa kutsegula.”

Adadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo, n'kundiuza kuti ndisenze kampandoko. Tsidya lija mudali mutalowa banja latsopano lochokera ku Mulanje, ndipo mkazi wake adali asadatulukebe.