Mwendo umene anauika jeso m'khwawa lathu

Kuno kwathu amandidziwa kuti pakamwa ndine wakuthwa, ndipo sindikana, koma bodza lokha sindinaliphunzire, ndiye zimene ndikunenazi muzitenge mmene zilili. Wokayika akwere njinga, adutse Chiputo, akafunse za mayi amene anakhalira fupa mpaka masana. Akamulozera pakhomo panga, mwinanso akuseka.

Ndiyambe ndi bambo anga, chifukwa popanda iwo simungandimvetse. Nthawi ya nkhondo, ine ndili kamtsikana kosatha msinkhu, tinanyamuka kuthawira ku Zambia, ndipo tisanapite n'komwe patali bambo anaterereka n'kugwera m'khwawa la kumunsi kwa munda wathu atasenza thumba la chimanga, mwendo wakumanzere n'kuthyoka pamwamba pa bondo. Chipatala tikanachipeza kuti? Tinawamanga timitengo ndi luzi, tinabisala nawo m'tchire masiku anayi, mwendo ukungotupirabe, lachisanu anatisiya. Amayi ndi ine tinakumba ndi khasu limodzi pansi pa mtengo wa mfula m'mphepete mwa khwawalo, dzenje lolekeza m'chiuno, tinawakulunga m'chitenje n'kukwirira, osaimba nyimbo, osalira mokweza, ulendo. Amayi anamwalirira ku Zambia konko, ndipo mpaka kumapeto ankangodandaula kuti mwamuna wawo tinamutaya ngati galu. Mtendere utabwera ndinabwerera, mfula uja ndinaupeza, ndipo chaka ndi chaka ndinkalambula pansi pake ndi kupempherapo.

Tsono zaka zingapo zapitazo, m'chilimwe misewu ikudutsika, ndikuchokera kotunga madzi ndinaona galimoto itaima kumapeto kwa munda wanga. Munali anthu anayi a zipewa zikuluzikulu, wowatsogolera mayi wochokera ku Maputo amene onse ankamutchula kuti dotora, ndiponso purofesoro, ndiye kuti mphunzitsi wa pa sukulu yathu, amene anamutenga kuti aziwamasulira. Purofesoroyu ndi Mnyungwe, munthu wabwino ndithu, koma Chichewa chake n'chotola m'njira, ndipo ine Chipwitikizi chinandidutsa popeza ndinakulira kothawa. Ndinamufunsa kuti alendowa akufunanji kumunda kwanga. Iye akumwetulira anati ndisadandaule, chilolezo anatenga ku posto, ku ofesi ya boma, chimanga changa sakhudza, akungofuna mafupa a makolo amene ali m'khwawamo.

Mafupa a makolo. Abale anga, m'khwawa limenelo kholo ndinkadziwamo limodzi lokha.

Ndowa ija sindikudziwa kuti ndinaitula bwanji. M'mawa mwake ndinatsikira m'khwawa, ndipo ndinawapeza atagwada pansi penipeni, kumunsi kwa mfula wanga uja, osati ndi makasu ayi, koma ndi tinyundo ndi timaburashi ngati totsukira mano, akusesa mwala mwaulemu ngati akusambitsa maliro. Nditasuzumira ndinaona fupa la mwendo, lakuda, lalitali kutsala pang'ono kufanana ndi msinkhu wanga, ndipo linali lothyoka chapamwamba pa bondo. Ndinaligwira. Linali louma gwa ngati mphero.

Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Malo ndi omwewo, mwendo wothyoka pomwepo, ndiye munthu wophunzira wakuuzani yekha kuti ndi kholo. Ine m'mutu munangobwera mawu a amayi. Ndinati basi, bambo aja tinawataya osawalira, mkwiyo wawakulitsa pansi, asanduka chinthu china, ndipo ngati mwendo uli chonchi nanga mutu ukhala wotani? Nanga akawafukula onse adzayamba ndi ndani, si ine amene ndinagwira khasu? Ndinakwera khwawa lija chokwawa, n'kukagona masiku awiri osadya. Amuna anga ankati ndi malungo, ine osawauza kanthu, chifukwa ndikanayambira pati.

Tsiku lachitatu mantha anasanduka ukali, monga ndimachitira ine. Ndinati kaya asanduka chiyani, ndi bambo anga, sapita ku Maputo. Nditafika ndinapeza zimene zinandimaliza nzeru. Anthu aja anali atasungunula jeso m'beseni, yemwe uja amaika kuchipatala munthu akathyoka, a ku Malawi amati chikhakha, ndipo ankanyika masaka n'kumakulunga mwendo uja bwinobwino mpaka unayera mbee. Ndinaima kukamwa yasa. Jeso amene bambo anamusowa ali moyo, akulira m'tchire, lero akubwera pa galimoto munthu atafa kalekale? Wawauza ndani anthuwa kuti mwendo ndi umenewu? Sindinafunse wina aliyense, ndinangopita n'kukhalapo pamwamba pake, jeso asanaume n'komwe, ndipo ndinawauza kuti wofuna kunyamula anyamule ndi ine ndemwe.

Purofesoro anayesa kundinyengerera, koma ndiye anangothira mafuta pamoto. Anati sindinamumvetse, iye ankanena makolo a mbalame, zilombo zakalekale zotchedwa dinosauro, achibale a nkhuku zathuzi. Ine kumva nkhuku, magazi anandikwera. Ndinamuuza kuti nkhuku ndi agogo ake a ku Tete, bambo anga anali munthu wobatizidwa, ndi zinanso zimene sindingalembe pano. Pepani purofesoro ngati mukuwerenga. Dzuwa linafika paliwombo ndili pomwepo, anthu atadzaza m'mphepete mwa khwawa, chitenje changa chitagwirana ndi jeso.

Amene anandimasula ndi dotora uja. Sanakwiye. Anavula chipewa, anakhala pansi pafumbi pambali panga, n'kuuza purofesoro kuti amasulire pang'onopang'ono, asawonjezere zake. Anandifunsa nkhani yonse ndipo ndinamuuza, koyamba kuuza mlendo. Kenako anafunsa kuti dzenje tinakumba lakuya bwanji. Ndinati m'chiuno. Anandilozera khoma la khwawa, kuchokera pamene tinakhala mpaka pamwamba, kutalika kwa amuna atatu, theka lake mwala wokhawokha, n'kufunsa ngati mayi ndi kamtsikana akanaboola pamenepo ndi khasu limodzi. Anati fupali linagona apa anthu asanakhaleko padziko, n'chifukwa chake linasanduka mwala, ndipo linathyoka ndi kulemera kwa nthaka, jesoyo n'ngongoliteteza kuti lisaphwanyike pa msewu wathu woipawu. Zinamveka ndithu. Mtima unayamba kutsika, manyazi n'kumakwera, ndipo ndinali pafupi kudziseka ndekha pamene anafunsa funso lomaliza.

"Mamã, munawaika mbali iti ya mtengo?"

Ndinati mbali ya kukhwawa, kuti odutsa m'njira asaone dothi latsopano. Dotora anangokweza maso, inenso ndinakweza. Kuchokera pansipo mfula umaoneka mosiyana ndi mmene ndinkauonera ndili kumunda. Mbali ya kukhwawa kunalibe dothi ngakhale lodzaza dengu, mizu inkangolendewera m'malere, yakuda, youma kalekale. Madzi anadya gombe lonselo mwina ndisanabwerere n'komwe ku Zambia. Zaka zonsezo ine ndinkalambula mbali imene inatsala, ndipo kunena zoona ndikuganiza kuti mtima unkadziwa, kungoti sindinkafuna kusuzumira.

"Ndiye bambo anga ali kuti?" ndinafunsa.

Purofesoro sanamasulire, ndipo dotora sanafune womasulira. Anangondigwira dzanja, manja ake ali mbuu ndi jeso. Ndinadzuka ndekha pa fupa paja, ndipo maliro amene sitinalire nthawi ya nkhondo ndinawalira tsiku limenelo, masana, anthu akuonerera.

Fupa lija analinyamula amuna asanu ndi mmodzi n'kuligoneka pa matiresi m'galimoto. Patapita miyezi purofesoro anandionetsa chithunzi chake pafoni, lili m'chipinda choyera, pambali kapepala, akuti akuliyezabe kuti adziwe mtundu wake ndipo mwina adzalipatsa dzina. Za zilombo zimene zinakhalako Adamu asanabadwe sindinazimvetse mpaka lero, a katekisita amanena zina, dotora ananena zina, ine ndili pakati. Chimene ndikukhulupirira n'chakuti anthu aja sanandinamize, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti chilombo chopanda mwana ndi mmodzi yemwe chili ndi malo odziwika, pamene bambo anga a zidzukulu zisanu ndi ziwiri anapita ndi madzi ku Zambezi.

Tsiku lonyamuka alendo aja ndinapempha jeso wotsala m'beseni, ndipo anandipatsa osafunsa. Ndinakamata pa muzu umodzi wolendewera uja, waukulu ngati mwendo wa munthu. Mvula yoyamba inamutsuka yense.

Inu amene munabwerera kuchokera kothawa, ndipo muli ndi wanu amene munamukwirira mothamanga m'tchire, musadalire mtengo, musadalire kukumbukira kwanu. Pitani chilimwe chino, muzungulire mbali zonse, muunjike miyala, muonetse ana, ndipo ngati pali madzi pafupi mukamusamutse mvula isanagwe. Ine ndinachedwa. Ndimapitabe kukalambula pansi pa mfula, ndikudziwa bwinobwino kuti palibe munthu.