Kamba Amene Anandisamutsa ku Chinsapo

Chaka chimene mwamuna wanga anamwalira ndinkakhala pa lendi ku Chinsapo, ndipo ndinkachapira anthu zovala kumtsinje. Tsiku lina m'mawa abambo okumba mchenga anayamba kuphokosera kumunsi kwa pamene ndinkachapira, ndiye ndinapita kukaona. Fosholo ya mmodzi wa iwo inali itatema kamba wam'madzi, amene ena amati nkhasi. Chigoba chake chinang'ambika kuchokera paphewa mpaka pakati pa msana, magazi akuchucha pang'onopang'ono. Sankathawa. Ankangotulutsa mutu n'kuubweza.

"Ndiwo zapezeka," anatero mwini fosholo.

"Ndipatseni ine, bambo," ndinatero.

Anaseka, koma anamukankhira kwa ine ndi phazi.

Sindinganene bwinobwino chimene ndinamutolera. Ndinali nditadwazika mwamuna wanga miyezi yambiri, kumutsuka zilonda m'mawa ndi madzulo, ndipo atapita manja anga anasowa chochita. Mwina n'chimenecho.

Kunyumba ndinaphitsa madzi, kuthiramo mchere, n'kutsuka balalo mpaka mchenga wonse unachoka. Wosoka nsapato wa pamsewu anandigawirako guluu. Ndinalumikiza chigobacho ndi tizidutswa ta nsalu yoyera, kusiya mpata pang'ono woti mafinya azitulukira. Ndinamuika m'bafa lakale kuseri kwa nyumba, madzi ongofika m'miyendo kuti bala lisanyowe. Ankanunkha, ndisaname. Masabata awiri anakana chakudya. Tsiku limene anameza nyongolotsi yoyamba ndinaomba m'manja ndekhandekha ngati wamisala.

Amene anandipeza ndikuomba m'manjamo anali aneba anga, mayi wachitsikana wa khomo loyang'anana ndi langa. Tinkagwirizana kwambiri. Tinkabwerekana moto ndi mchere, ndipo pamene matenda a uchembere anawayamba mwamuna wawo kulibe, ndine ndinawaperekeza kuchipatala n'kunyamula khanda pobwerera. Anasuzumira m'bafamo n'kuseka.

"Asisi, anzanu akuweta nkhuku, inu mwasankha chimenechi?"

"Akachira ndikamubweza kumadzi," ndinawayankha.

Patapita mwezi kamwana kawo kaja kanatentha thupi mpaka kukomoka. Tinathamangira nako limodzi kuchipatala. Adokotala anapeza malungo, anapereka mankhwala, mwana anachira. Ine ndinali pomwepo ndipo ndinamva ndi makutu anga. Anebawo nawonso anamva.

Koma titabwerako anasiya kundipatsa moni. Ndikafika pampope, amayi ankasuntha ndowa zawo kuti zisakhudzane ndi yanga. Awiri mwa amene ndinkawachapira anatumiza mawu oti apeza wina. Nkhani inandifika kudzera kwa mayi wogulitsa makala, amene sankadziwa kubisa mawu. Akuti kambayo ndi chizimba changa. Akuti ndinadya mwamuna wanga, tsopano ndikufuna mwana wa eni. Mwamuna amene ndinkamutembenuza pamphasa ndi manja anga awa, abale ake osabwera n'komwe kudzazonda!

Lolemba lina alandilodi anabwera. Anali mkulu wa mpingo, munthu wolankhula motsitsa mawu. Anakana mpando.

"Amayi, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma anthu akudandaula. Chinthucho chichoke lero, ndipo mwezi ukatha mupeze kwina."

"Abambo, bala silinatsekeke. Ndipatseni masabata awiri okha."

"Nyumba simukuchonderera, mukuchonderera kamba? Nanga anthu aleka bwanji kunena?"

Ndinamuika m'ndowa, kuvundikira ndi chitenje, n'kusenza. Aneba anali pakhonde akuyamwitsa. Anaweramitsa mutu.

Kumtsinje kumene ndinamutola sindikanamusiya. Malole onyamula mchenga anali atafika mpaka m'madzi, gombe lonse maenje okhaokha, ndipo pamene madzi anaima panali majumbo ndi matewera otayidwa. Ndinayenda wapansi kulowera ku Njewa, dzuwa likuswa mtengo, mpaka ndinapeza dambo la mabango kuseri kwa madimba a anthu. Ndinadikira kuti mlimi wina amalize kuthirira achoke, chifukwa ndinali nditaphunzira kuopa maso a anthu.

Nditamutsitsa pamatope anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatulutsa khosi lonse, lalitali kuposa mmene ndinaliwonera m'bafa, n'kukwawira m'madzi mopendekera mbali yovulalayo. Nsalu yoyera ya pamsana inaoneka kanthawi pansi pa madzi, basi. Ndinkadziwa kuti guluuyo m'madzi sachedwa kumatuka, ndiponso kuti bala linali likadali lofewa pakati. Masabata awiri okha akanakwanira.

Mwezi utatha ndinasamukira ku Mgona, kumene kunalibe wondidziwa. Pa tsiku losamuka palibe amene anandinyamulirako ngakhale mtondo.

Papita zaka tsopano. Chaka chatha ndinakumana ndi aneba aja mumsika, mwana atakula, wavala yunifolomu ya sukulu. Anandithamangira ndi kundikumbatira ngati tinasiyana dzulo mwamtendere.

"Asisi, mwasowatu! Ndiye kamba wanu uja anachira?"

Ankamwetulira, ndipo ndinaona kuti kwa iwo inali nkhani yoseketsa ya kalekale.

"Sindikudziwa," ndinatero.

Anadikira kuti ndiwonjezere, koma ndinatembenukira kwa wogulitsa tomato n'kuyamba kusankha.