Vinyo wa Ukwati wa Nakhle

A Geryes akumudzi kwathu kuno anali odulira mipesa. Miyendo itayamba kukana minda, anasanduka operekeza alendo ku linga lakale lija la pamwamba pa phiri. Mbiri ya lingalo sankaidziwa olo pang'ono. Ankangoloza mwala uliwonse n'kunena kuti mfumu inafera pamenepo, mpaka mafumu ofera m'lingamo anachuluka kuposa ife amoyo.

Koma kulingako anali nacho chawochawo. Chaka chimene mwana wawo Nakhle anabadwa, anafinya vinyo woti adzatsekule pa ukwati wake, monga amachitira abambo kuno. Akazi awo, a Zahiya, anakana kuti mtsuko wa vinyoyo ugone m'nyumba.

"Ndimakudziwani inu. Mwana asanamere mano mudzakhala mutaupapira."

Choncho anaumata phula n'kukaubisa m'chipinda chozizira cha pansi pa linga.

Nakhle anakula n'kupita ku Australia. Chaka chilichonse pa foni ankati, "Chaka chamawa ndikubwera, bambo, ndidzakwatirira konko." A Zahiya anadikira mpaka tinawaika m'manda. Mwezi wathawu kunabwera zithunzi: Nakhle ali m'suti, mkwatibwi pambali pake, ukwati unachitika kale komweko.

A Geryes anangotenga matambula awiri, kukakoka mnzawo a Sleiman, ometa tsitsi m'mudzi muno, n'kuyamba kukwera phiri, akupumira pa mwala uliwonse wa mafumu awo aja.

Atathira vinyoyo, a Sleiman analawa, nkhope n'kukwinyika.

"Madala, ameneyu ndi vinyo kapena mankhwala a nsabwe? Nanga phulali bwanji lili zigamba zokhazokha?"

"Ndinkatsekula."

"Inuyo? Munthu wobadwira m'mipesa, osadziwa kuti mpweya ukalowa vinyo amasasa?"

"Ndinkadziwa. Kungoti mwana uja akati chaka chamawa, ndinkabwera kudzanunkhiza pang'ono, ndione ngati vinyoyu akumudikirabe."

A Sleiman, amene pakamwa pawo sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi, anangoyang'ana pansi.

A Geryes anatuluka, n'kukaima pa khoma loyang'ana kunyanja, kumene iwo amati ndiko ku Australia. Anakweza tambula.

"Banja lako likhale la mtendere, mwana wanga."

Anamwa yense osasiyako. A Sleiman nawo anatseka maso n'kumeza wawo, kenako anapempha kuti awathirirenso.

Awiriwo anatsika phiri maso ali psuu, mtsuko wopanda kanthu uli paphewa. A Sleiman akuuza aliyense wokameta kuti misoziyo inali ya kuwawasa kwa vinyo basi. A Geryes sanakwerenso kulingako, alendo masiku ano amangodziyendera okha.