Mphatso Kumsana kwa Ophunzira

Mpaka lero bambo a kunyumba sadziwa kuti mwana wathu Mphatso, asanayambe n'kukwawa komwe, anayenda mzinda wa Lilongwe ali kumsana kwa anyamata achilendo.

Likulu linali litangosamuka ku Zomba, ine ndikutayipa mu ofesi ya bambo Gondwe, mphunzitsi wa ku yunivesite. Anandipempha kuti ndiperekeze ophunzira awo kukaona mzinda watsopanowo. Wolera mwana sanabwere tsikulo, ndiye ndinangomubereka.

Basi ya matambala khumi inatitsitsa m'mawa pamsika wa ku Old Town. Ndikugula zitumbuwa, bambo Gondwe analengeza kuti: "Kuchokera pano ndi wapansi mpaka ku Area 12, monga amayendera alonda ndi antchito a m'nyumba."

Tinawoloka mlatho. Phula linali lokongola ndithu, koma la magalimoto okha. Ife tinkalambalala m'ngalande, malole a njerwa akutimwetsa fumbi. Pofika ku City Centre dzuwa lili paliwombo, msana wanga unali utakana. Ndinakhala pamulu wa mchenga.

"Mayi Phiri, tibwerekeniko mwanayo," anatero bambo Gondwe. "Anyamatawa ndiwo adzakonze misewu ya mzinda uno. Ayambe alawa."

Akamugwetsa? Apongozi akamva? Komabe ndinamangira ndekha chitenje Lameki, wophunzira wovala tayi, mfundo n'kuikoka mwamphamvu. Ndinkayenda pambuyo pake manja ali chire.

"Achimwene, mayi wake wathawa?" anakuwa amayi ogulitsa mtedza.

"Ayi amayi, ndi phunziro!"

"Mukhoza mayeso akakukodzerani!"

Tisanapite patali, Lameki anakhoza. Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka n'kuyamba kulandirana mwanayo.

Ku Area 12 tinapeza mipanda, agalu ndi kapinga wothiriridwa bwino, koma pomwera madzi panalibe. Mphatso anayamba kulira. Bambo wina wosamalira maluwa anatilowetsera paipi pampanda, tonse tinamwa.

"Nanga inu pobwera kuntchito mumapumira pati?" Lameki anafunsa bamboyo, malaya atamata kumsana.

"Pati, mwana wanga? Mitengo anaizula pokonza msewu."

Lameki sanasekenso.

Mvula itagwa, ophunzira aja anabwerera okha, osatumidwa, n'kudzala mitengo m'mbali mwa njira tinayendayo. Pano yafika m'chiuno, ndipo Mphatso wayamba kuyenda. Ndikadutsapo mtima umakhala m'malo, ngakhale mfundo ya chitenje ija ndimailotabe ikumasuka.

Inu amayi anzanga, mukanamupereka mwanayo? Ndinachita bwino kodi?